Mmene Oronzo Anaphera Chidazi

Ku Molfetta, tauni ya padoko m'dziko la Italy, munthu akafuna kulumbira ankati, "Wanena ndi Oronzo." Oronzo Lacatena ankagulitsa nsomba pamsika wa padoko, ndipo akanena kuti nsomba ndi ya lero, inali ya lerodi. Analibe galimoto, analibe mwana, nkhope nayonso inali yongokhalira. Chuma chake chinali mawu ake, ndipo mawuwo anali aakulu moti mbalame za padoko zinkathawa.

Kukhosi kumeneku ndi kumene kunakopa Don Saverio, wogulitsa matiresi, yemwe anatsegula kawailesi ka kanema pamwamba pa sitolo yake. Zaka zimenezo aliyense wokhala ndi denga ankatsegula yake. Don Saverio anagula katoni ya matepi a masewera ogwetsana a ku Japani, oti azionetsa Loweruka ana atagona, pakati pa malonda a matiresi.

"Oro', iwe uzingolankhula pamwamba pake."

"Don Save', Chijapani ndichidziwira kuti ine?"

"Nanga nsomba zimakuuza maina azo? Ogwetsanawa apatse ako!"

Anawapatsadi. Kunabadwa Nyundo, Mkamwini Waulesi, ndi wokondedwa wa tauni yonse, Chidazi, bambo wa mimba ngati mgolo yemwe ankawerama mwaulemu asanakuthyole msana. Agogo amene sankadziwa n'komwe kuti Japani ili mbali iti ankamupempherera.

Tsiku lina Chidazi anaponyedwa kunja kwa zingwe, nagwera pamipando, ndipo anamutulutsa pamachira ali chete. Tepi inathera pomwepo. Oronzo, misozi ili mbwembwembwe, anafuula, "Watisiya! Molfetta, Chidazi watisiya!" Sikuti ankanama. Iye mwini anakhulupirira.

Pofika Lolemba makoma anali atamatidwa mapepala a maliro, a m'mphepete mwakuda, monga amachitira akamwalira munthu wa m'tauni. Wansembe anakana Misa, akuti sakudziwa ngati malemuyo anabatizidwa. Donna Addolorata, mayi wamasiye wophika buledi, anangoti, "Chabwino," nasonkhanitsa amayi kunyumba kwake kukachita kolona.

Kenaka inafika katoni yachiwiri. Oronzo atayika tepi yoyamba, uyo Chidazi akulowa, wonenepa kuposa kale.

"Unene kuti ndi mng'ono wake," anatero Don Saverio, akuseka mpaka kutsokomola.

"Ine sindinama."

"Ndiye unene kuti unalakwitsa."

Apa Oronzo anagwira njakata. Anthu anavala zakuda chifukwa cha mawu ake. Akabweza mawuwo, adzatsala ndi chiyani? Anasankha njira yachitatu, yopusa kuposa zonse. Tepi iliyonse yokhala ndi Chidazi ankaibisa m'katoni pansi pa masitepe, ndipo tauni inakhala ikuonera Mkamwini Waulesi zaka ndi zaka. Wa ku Milano aliyense akabwera kutchuthi, Oronzo ankamuzemba ngati wodwala chikuku, poti kumeneko ankaonanso masewera omwewo. Munthu ananyentchera ndi mantha.

Mapeto ake mawailesi akuluakulu anabweretsa ogwetsana a ku Amereka, a tsitsi lalitali ndi nyimbo zawo, ndipo kawailesi ka pamwamba pa matiresi kanatsekedwa. M'mawa wotsatira Donna Addolorata anabwera pamsika, atakalamba, akuyendera ndodo.

"Oro', poti mwatseka, matepi a malemu aja ungandibwerekeko? Ndamusowa."

Oronzo anagwetsa mpeni. "Matepi ati, Donna Addolora'?"

"Aja unabisa, mbuzi iwe. Mwana wanga wa ku Milano anandiimbira tisanatsirize n'komwe masiku olira. Akuti, amayi, munthu wanuyu ndikumuona pano akumenya anzake."

"Ndipo inu simunauze munthu?"

"Ine? Ndinauza tauni yonse tsiku lomwelo!"

Oronzo anayang'ana uku ndi uku. Ogulitsa anzake onse anali atatanganidwa mwadzidzidzi, wina akupala nsomba yopala kale. Manyazi anamugwira.

"Zaka zonsezi... bwanji simunandiuze?"

Mayi uja anamugwira patsaya ndi dzanja lonunkhira ufa.

"Mjapani uja ali ndi abale ake kwawo, omusangalalira kuti ali moyo. Iwe, mwanawe, uli ndi ife basi."