Mtundu wa Udzu Wouma

Ntchito ya ulonda itandithera, ndinakhala miyezi inayi pakhomo m'komboni ya Kanyama, kumangosuntha mpando potsatira mthunzi. Ndinali ndi zaka makumi anayi, ana atatu, ndi mkazi wogulitsa tomato amene sadziwa kubisa mawu. Ndiye anandituma tsiku lina kukanoletsa mpeni wake kwa mkulu wina wosula mipeni kuseri kwa msika. Anawonjezera kuti kukakhala mpando kumeneko ndikhale konko mpaka madzulo, chifukwa panyumba ndinkamutchingira mphepo.

Mkuluyo anali Msilamu, makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo komboni yonse inkangowatchula kuti ba mudala. M'chisakasa chawo munali chidutswa cha njanji chosulirapo, nyundo zitatu, chitini cha oilo wakuda wa injini, ndi gudumu la njinga limene ukalipukusa linkapemerera moto wa makala. Mipeni ankaisula kuchokera ku masipuling'i a magalimoto akufa. Sinali mipeni yoyala pansi pamsika ayi. Munthu ankabwera, kunena ntchito imene akufuna mpeniwo uzigwira, iwo n'kumugwira dzanja kuti adziwe kukula kwa chigwiriro.

Ndinawaonerera mpaka dzuwa kupendeka, kenaka ndinalimba mtima.

"Ba mudala, nifuna munipunziseko nchito iyi."

Sanandiyang'ane kumaso. Anangotenga zikhatho zanga, kuzisisita ndi chala chachikulu, n'kufunsa funso limene sindinalimvetse.

"Maso ako ali bwino?"

Ndinati ali bwino, zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudyera maso omwewa pageti la eni ake. Anati ndibwere mawa.

Kunena zoona, miyezi iwiri yoyamba mutu wanga unali woima. Ba mudala sankafotokoza kanthu. Chitsulo tinkachiwotcha, kuchimenya mpaka chioneke ngati mpeni, kenaka kuchikwirira m'phulusa kuti chifewe. Chikafewa, ine ndinkachipala ndi tupa mpaka matuza m'manja. Tikatero tinkachiwotchanso n'kuchiviika mu oilo kuti chilimbe. Ndiye poti chalimba, ndimati basi tamaliza, koma iwo ankati tichitenthetsenso kuti chifeweko. Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Manje ba mudala, tilimbisa olo tifewesa?"

"Zonse ziwiri," anatero, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Ndinapsa mtima, koma ndinameza. Kunyumba mkazi wanga ankandifunsa chimene ndaphunzira, ine n'kumangomuonetsa matuza.

Kutenthetsa kotsirizaku n'kumene kunali mtima wa ntchito yonse, ngakhale panthawiyo sindinkadziwa. Mpeni wotuluka mu oilo umakhala wolimba ngati galasi, ukagwa pansi umasweka. Ndiye umaupukuta kuti uwale, n'kugoneka msana wake pa chitsulo chamoto. Kutenthako kukamayenda kulowera kokuthwa, mpeniwo umasintha mitundu. Umayamba ndi mtundu wa udzu wouma, kenaka tiyi wopanda mkaka, kenaka biringanya, potsiriza buluu ngati wa maminibasi a kuno. Uyenera kuuchotsa n'kuuponya m'madzi mtundu wa udzuwo ukangofika kokuthwa. Ukachedwa mpaka buluu, mpeniwo wafewa, sungasunge kuthwa.

Zonsezi ndikuzidziwa lero. Masiku amenewo chimene ndinkadziwa n'chakuti tikafika pamenepa, ba mudala ankaweramira mpeniwo ndi mbaniro m'dzanja, n'kumandifunsa mobwerezabwereza: "Ukuona chiyani?" Ulendo woyamba ndinayankha kuti palibe, palibe, kenaka ndinati pabwera kamtundu ngati udzu wa m'chilimwe. Nthawi yomweyo anaunyamula n'kuuponya m'madzi, nati, "Eya." Limenelo linali liwu lokoma loyamba kutuluka m'kamwa mwawo chibwerereni ine. Ndinatsimikiza kuti funsoli ndi mayeso, ndipo ndalipeza yankho lake. Ine ndinakulira m'manja mwa aphunzitsi a chikoti, kenaka mabwana a pageti. Konseko ndinaphunzira kuti wamkulu akakufunsa, yankho ali nalo kale, akungofuna alimve kuchokera kwa iwe.

Kutatsala milungu itatu kuti ifike Idi yozinga mbuzi, kunabwera bambo wina wa ku Chawama amene amazingira anthu ziweto pafupi ndi mzikiti. Ankafuna mpeni wautali, wopyapyala. Anatiuza kuti anzake akumuseka kuti akuvutikiranji ndi nkhalamba pamene m'mashopu muli mipeni yonyezimira, koma iye anawayankha kuti bambo ake ankazingira mpeni wa m'chisakasa chomwechi. Atapita, ba mudala anandiuza mawu ambiri kuposa onse amene anandiuza m'miyezi iwiri. Anati pachipembedzo chawo mpeni wozingira uyenera kudula kamodzi, chiweto chisazunzike, ndipo wosula mpeni wobuntha ali ndi mbali yake pa kuzunzikako. Ine wa ku Pentekosite ndinangogwedeza mutu, koma ndinaona kuti nkhaniyi siyamasewera.

Tinausula masiku anayi. Pa tsiku la kutenthetsa kotsiriza kunali mphepo ya fumbi ija ya ku Kanyama. Mpeni uli pa chitsulo chamoto, lata lina la denga linayamba kukupiza, ndipo ndinathamanga kukaliika mwala. Sindinachedwe, koma mpeni wopyapyala suchedwanso. Pobwerera ndinapeza kokuthwa konse kuli buluu. Ba mudala anali chiweramire pomwepo, nkhope ili pafupi ndi mpeniwo, mbaniro m'dzanja.

"Ukuona chiyani?"

Apa ndiye mutu unazungulira. Ndinaganiza kuti iwo akuona zimene ndikuonazi, ndipo ngati sanauchotse ndiye kuti mpeni wozingira umafuna buluu. Ndinaganizanso kuti mwina akundiyesa ngati ndingatsutse munthu wa zaka makumi asanu pantchito. Mwinanso amisiri mtundu umenewu amautchulabe udzu, ine ndi ndani. Safunsa anadya phula. Ndinapereka yankho limene linkawasangalatsa nthawi zonse.

"Uzu wouma, ba mudala."

Anauponya m'madzi. "Eya."

Tinaunola, kuuika chigwiriro cha mtengo wa mukwa, ndipo unameta ubweya wa pamkono bwinobwino, poti ngakhale mpeni wofewa umameta ukangochoka pamwala. Mwini wake anautenga akumwetulira. Ine ndinapita kunyumba ndikudziuza kuti lero ndaphunzira chinsinsi chatsopano.

Patatha masiku asanu bambo uja anabweranso, mpeni ataukulunga m'nyuzipepala. Sanakalipe. Anakhala pansi, kupereka moni wachisilamu, n'kufotokoza kuti anaitanidwa kukazinga mbuzi pa mwambo wa mwana wobadwa kumene. Mpeni utangokhudza fupa la pakhosi unapinda kokuthwa, mbuzi inalira ndi kuphupha anthu akuona, mpaka anachita kumalizira ndi mpeni wobwereka.

"Ba mudala, mwina mwatopa," anatero mofatsa. "Si mlandu. Tonse tizakalamba."

Ba mudala anayendetsa chikhadabo pa mpeniwo, kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. Anangopempha kuti awapatse masiku atatu. Bamboyo anati adzabwera chifukwa cha ulemu, koma mpeni wa kushopu adzakhala ataugula kale.

Titatsala awiri, ba mudala anandifunsa.

"Tsiku lija unaona chiyani?"

Ndinafuna kunamanso, koma lilime linakana.

"Buluu."

"Nanga unanena udzu chifukwa chiyani?"

"Nenze kuganiza ati muniyesa. Imwe mwenze kuona mweka, ba mudala."

Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione maso awo bwinobwino pa kuwala. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo kotuwa.

"Mwana wanga, ine sindiyesa munthu. Chaka chino n'chachiwiri ndisakuona mitundu imeneyi. Moto ndimaumva pankhope, chitsulo ndimachimva pa nyundo, koma udzu ndi buluu kwa ine n'chimodzimodzi. Ndimakufunsa chifukwa sindikudziwa."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinakumbukira mmene ankasisitira zikhatho za anthu, mmene ankafufuzira kapu ya tiyi ndi zala, ndi funso lawo loyamba lija. Miyezi yonseyi ndinkadziona ngati mwana wasukulu, pamene iwo anali atandipatsa mbiri yawo yonse kuti ndiwagwirire. Ndinakwiyanso, sindibisa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire poyera. Anati wosula mipeni akadziwika kuti saona, mawa lake palibe amene angabwere, ndipo sankadziwa ngati pakamwa panga pali chitseko.

Mpeni womwewo tinauwongola, kuuwotchanso, kuuviikanso mu oilo. Pa kutenthetsa kotsiriza ndinagwada pafupi mpaka nsidze kununkha. Atafunsa, ndinanena zimene zinalipo basi. Ndinati palibe. Ndinati kumsana kwayamba chikasu koma kokuthwa kukadali koyera. Ndinati sindikudziwa ngati uwu ndi udzu kapena ndi kuwala kwa makala, ndipo anandiuza kuti nditchinge ndi dzanja ndiyang'anenso. Nditati tsopano, anauponya m'madzi osanena eya.

Bambo wa ku Chawama anabwera tsiku lachitatu monga analonjezera, mpeni wa kushopu uli m'chikwama. Anabweretsanso fupa la mwendo wa mbuzi. Anatema fupalo katatu ndi mpeni wathu, n'kuyendetsa chikhadabo kokuthwa, kenaka kumeta ubweya pamkono pake. Ubweya unagwa. Anaupenda mpeniwo nthawi yaitali, n'kuukulunga bwinobwino m'nsalu.

"Munikhululukire, ba mudala, ninakamba voipa. Maso yanu yakali bwino."

Nkhope ya ba mudala inatembenukira kumene ndinali, pambali pang'ono pa pamene ndinaimadi, ndipo anadikira kuti amve ngati pakamwa panga palidi chitseko. Ine ndinawerama, kugwira gudumu la njinga lija, n'kuyamba kupemerera moto.