Mapiritsi a Atelala

Anthu a mumsewu umenewo ankangowatchula kuti Atelala. Anasoka zaka makumi awiri m'kachipinda kopanikizika pakati pa shopu yometera ndi ya mafoni, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: msoko wowongoka ndi pakamwa posapumira. Kasitomala akadandaula kuti siketi yathina, ankamuuza m'maso muli gwa: "Nsalu ilibe mlandu, mayi. Tepi sanama."

Ndiye chaka china pakamwa paja panatsekeka. Kunalibe maliro, kunyumba kunalibe ndewu. Ankangodzuka thupi lili lolemera ngati thumba la simenti, n'kukakhala pa makina, phazi lili pa chopondera, osaponda. Diresi la mkwatibwi linakhala milungu itatu lopanda manja, mpaka mwiniwake anadzalitenga akutukwana.

Mng'ono wawo, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, ndiye anawakokera kuchipatala. Dokotala wake anali mtsikana woti akanatha kumubereka. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anati ndi matenda ovutika maganizo.

"Maganizo ake ati?" anafunsa Atelala. "Ine m'mutu muli zii."

Dokotala anajambula timizere tiwiri papepala. "Awa ndi maselo a mu ubongo, amayi. Sagundana, amatumizirana uthenga ndi timadzi tina. Kena mwa timadzito timakatcha serotonini. Selo ikakatulutsa, imakayamwanso msanga. Mapiritsiwa amachedwetsa kuyamwako kuti uthenga ukhalitse."

"Ndiye timadzi tanga tinaphwa?"

"Si kuphwa chabe ayi. Kunena zoona, sitidziwa zonse. Koma ubongo umafuna nthawi kuti usinthe, milungu inayi, mwina isanu ndi umodzi."

Atelala anatsonya asanatuluke n'komwe. Piritsi la mutu limagwira ntchito tiyi asanazizire, nanga ili lakula bwanji?

Mlungu woyamba unabwera ndi nseru. Wachiwiri zala zinayamba kunjenjemera, moti ulusi unkaphonya diso la singano kasanu, kakhumi. Amuna awo, dalaivala wa basi, munthu wabwino koma waphuma, ankafunsa m'mawa uliwonse ngati akufunsa za injini: "Bwanji lero, mayi a ana, zaliza?" Alamu awo nawo anabwera ndi nzeru zawo.

"Ana anayi, onse amoyo, mwamuna wosamwa. Mukudandaula chiyani, alamu? Ingolimbani mtima. Mankhwala amenewo ndi a amisala."

Atelala analibe ngakhale mphamvu yowathamangitsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawapweteka kwambiri. Tsiku lomwelo anaponya paketi ya mapiritsi m'katoni ya zidutswa za nsalu.

Mng'ono wawo anaipeza patatha mlungu, akufunafuna nsanza zoti ana akusukulu apangire zidole.

"Asisi, ichi n'chiyani?"

"Ndi bodza limenelo. Katayeni."

Sanakataye. Anawabwezera kuchipatala, kumene Atelala anamenyetsa paketi ija patebulo.

"Ndinabwera ndi kudwala kumodzi, mwandipatsa kuwiri."

Dokotala sanakwiye. Anati matupi amasiyana, ndipo awayesa mtundu wina wa mapiritsi. Anawachonderera kuti asamadzasiye okha mwadzidzidzi, n'kuwalembera kuti Lachinayi lililonse azikacheza ndi mlangizi.

"Kuwerenga milungu kuja tiyambirenso?"

"Tiyambirenso, amayi."

Anayambiranso, akung'ung'udza. Palibe tsiku limene anganene kuti apa ndipo ndinachira. Mlungu wachisanu anangozindikira masana ena kuti akumva njala yeniyeni. Wachisanu ndi chiwiri anamaliza mayunifomu khumi osaima. M'mawa wina thupi linkalemerabe, koma phazi linkaponda.

Atapita kukaonedwanso, ankayembekeza kumva kuti basi, zatha. Dokotala anati apitirize miyezi ina isanu ndi umodzi, kuopa kuti matenda angabwerere.

"Tandiuzani," anatero Atelala. "Chandithandiza n'chiyani? Mapiritsi, mlangizi, kapena nthawi?"

"Mwina zonse pamodzi."

"Mwina! Inu madokotala mumasoka osayeza."

Anatenga paketi yatsopano, n'kuifunyira m'chikwama, n'kuthamangira basi. Kushopu kunali makatani a anthu odikira kupindidwa.