Batani la Alamu

Alamu anga, amuna awo a achemwali, amaphunzitsa makompyuta pasukulu ya sekondale, m'chipinda chomwe kale ankasungiramo mabuku. Zenera ndi limodzi, fani imazungulira ngati ikupepesa, ndipo makompyuta ena amayaka akafuna. Iwo ndi munthu wosathamanga. Mukakumana panjira amaima, kufunsa za kunyumba, kufunsa za mwendo umene munadandaula chaka chatha, kenako n'kukumbukira chimene amafuna kukuuzani.

M'chipinda chomwecho ndi mmene analembera pulogalamu yokonza ndandanda wa maphunziro. Mumangoika mayina a aphunzitsi, makalasi ndi maphunziro, yokha n'kukonza kuti mphunzitsi mmodzi asapezeke m'makalasi awiri nthawi imodzi. Anayamba ndi mnzawo wina amene sukulu yonse inkangomutcha a Masamu. Anagwirizana kuti pulogalamuyo ikhale yaulere ndi yotsegula, aliyense athe kuona mmene inalembedwera, kukonza polakwika ndi kugawira ena. A Masamu anamwalira ntchito isanathe. Alamu anapitiriza, akuthandizidwa ndi anthu a pa intaneti amene sanawaonepo nkhope.

Ine nditabwerako kunja kwa dziko ndinafikira kwawo, ntchito ndilibe, ndikungozungulira m'nyumba mpaka achemwali anati ndiwathera simenti. Alamu anandipatsa chochita: ndione tsamba la pa intaneti limene anthu atsopano azitengerapo pulogalamuyo. Kunali kukubwera msonkhano wa aphunzitsi a masukulu ozungulira, ndipo iwo anapatsidwa mpata wolemba adilesi ya tsambalo pabolodi. Anthu akakalephera kutenga pulogalamuyo tsiku limenelo, abwerera ku pensulo ndi rabala, ndipo mpata wina sudzapezekanso msanga.

Ndinatsegula tsambalo. Linayamba ndi moni. Kenako mbiri ya pulogalamu. Kenako kuthokoza, dzina la a Masamu pamwamba, otsatira onse m'munsi mwake, aliyense ndi chimene anachita, ngakhale amene anangokonza chilembo chimodzi. Batani lotengera pulogalamu linali pansi penipeni, laling'ono, lotuwa, ngati mwana wamanyazi kuseri kwa chitseko.

Ndinawauza kuti kumene ndachokera tsamba lotere limakhala ndi batani limodzi lalikulu, basi. Munthu wabwera kudzatenga chinthu, osati kudzacheza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, monga amachitira nthawi zonse.

"Alamu," anatero, "munthu wabwera koyamba, mungomuponyera katundu kumaso?"

Kenako ananena chimene chinkawavuta. Anawalonjeza akazi a malemuwo kuti aliyense wotenga pulogalamuyi aziona dzina la amuna awo. Koma ine tsamba langa ndinapangabe: tsamba loyera, batani lobiriwira lalikulu, mawu amodzi okha.

Achemwali ndi amene anatopa ndi mkangano wathu wa patebulo. Loweruka masana anaitana mnzawo wa m'kwaya, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pasukulu ina, amene onse amangowatcha Adepute. Mayi amenewa chiyambi cha teremu iliyonse amagwada pansi ndi pepala lalikulu, kulemba ndi kufufuta ndandanda mpaka pepala kubooka. Achemwali anatilamula kuti tikhale kumbuyo kwa sofa, pakamwa potseka.

Anayamba ndi tsamba la alamu. Adepute anavala magalasi, nawerenga moni, n'kuyankha motsitsa kuti ali bwino. Anawerenga mbiri yonse. Pa dzina la a Masamu anaima, nanena kuti ankawadziwa, anali munthu wabwino. Anatsika pang'ono, mayina akupitirira, kenako anavula magalasi.

"Zikomo, nzabwino kwambiri. Ndiye pulogalamuyo mudzandipatsira pa fulashi?"

Ndinayang'ana alamu. Iwo ankayang'ana kapeti.

Tinawatsegulira langa. Adepute analiyang'ana batani lija nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa. Anati zoterezi amazidziwa: chinthu chachikulu chobiriwira chosanena mwini wake, ukangodina, foni imayamba kukuuza kuti wawina galimoto. Anafunsa ngati n'zolipira, ngati zitha bandulo yawo, ngati zigwira pa laputopu yakale ya kusukulu. Tsamba langa linalibe yankho ngakhale limodzi. Sanadine. Achemwali anaseka mpaka kugwira khoma, nanena kuti m'nyumba muno muli akatswiri awiri koma mlendo watuluka chimanjamanja.

Adepute atapita, alamu anaimirira. Anatsuka makapu, anathirira maluwa awo a m'zitini pakhonde, kenako anatenga laputopu n'kukhala pansi. Ine ndinkayembekeza mkangano wina. M'malo mwake anandipempha kuti ndidine batani lakale lija, tione. Ndinadina. Kamzere kosonyeza kuti fayilo ikubwera kanayamba kukwawa. Netiweki ya kwathu simathamangira munthu. Tinakhala tikukayang'ana, ine ndikugwedeza mwendo.

"Mukuchita chiyani panopa?" anandifunsa.

"Palibe. Ndikudikira."

"Eya. Wakhala pansi tsopano mlendo uja. Apa ndiye pomupatsa moni."

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Batani langa linapita pamwamba, koma alamu analichepetsa, akuti lisamakuwe. Pansi pake analemba mizere yochepa m'mawu awoawo: pulogalamuyi ndi yokonzera ndandanda wa maphunziro, ndi yaulere, ndi yaing'ono, imagwira ngakhale pa kompyuta yakale, ndipo ikalowa sifunanso intaneti. Mafayilo a anthu ofuna kuona mkati mwa pulogalamu tinawasunthira patsamba lina, chifukwa obwera kumene sawafuna. Munthu akadina batani, pamene fayilo ikubwera, tsamba limasintha: moni, njira zoikira pulogalamuyo, ndi kuthokoza, dzina la a Masamu pamwamba. Ndinafuna kudula mayina ena. Anakana, ndipo sindinaumirire.

Kumsonkhano sindinapite. Alamu anabwerako madzulo, choko chili pamkono wa jekete, nakhala pampando wawo kuvula nsapato mosafulumira. Achemwali anachita kuwafunsa kawiri. Alamu anati anthu atenga pulogalamuyo, ambiri ndithu, ena pafoni pomwepo. Netiweki inali yoipa kwambiri moti holo yonse inakhala chete kuwerenga mayina, ndipo bambo wina wachikulire anafunsa ngati a Masamu amenewa ndi omwe aja ankapita kukaphunzitsa atakwera njinga yofiira.

Mawa lake anavala malaya oyera, natenga laputopu m'chikwama. Anati akupita kukawaonetsa akazi a malemuwo, adine okha. Ndinawakumbutsa kuti kumeneko netiweki imachedwa koopsa.

"Ndiye bwino," anatero, akutseka geti. "Tikhalitsa."