Tsiku limene ndinagoneka agogo chafufumimba

Chaka cha mliri wa korona, anamwino ena tinauzidwa kuti tichite maphunziro a pa intaneti. Okhoza okha ndiwo ankaloledwa kukagwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ine ndinkafunitsitsa kukalowamo. Vuto langa linali pakamwa. Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi agogo, ndipo poti iwo ankalankhula zokwanira anthu awiri, ine ndinangophunzira kupenya. Aphunzitsi athu, asisita achikulire, anali atandichenjeza kale: "Kumeneko sitinong'ona. Mukalamula, ngakhale adokotala azimva."

Tinkakhala ku Area 9, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya banja la amwenye limene agogo analiphikira zaka zambiri. Netiweki inkagwira pakhonde pokha. Tsiku la mayeso, aliyense anapatsidwa mphindi khumi zoti aonetse pakamera mmene angatembenuzire wodwala wokomoka kuti agone chafufumimba, azipuma bwino. Anzanga ena anabweretsa mapilo, ena azichemwali awo. Ine ndinali ndi agogo.

Anatulukira atavala chitenje chatsopano cha ku Msika wa Lilongwe ndi duku lawo la kutchalitchi. Ndinawagoneka pamphasa n'kuyatsa kamera. Atangoona nkhope zili ndandanda pa laputopu, anadzuka n'kugwada.

"Muli bwanji amayi apakona? Nanga inu bambo a magalasi? Kunyumba ali bwanji?"

Munthu wamkulu akakupatsa moni sungakhale chete, choncho kalasi yonse inayamba kuyankha mmodzimmodzi. Mphindi zinayi zinathera pamenepo.

Atagonanso, ndinawagwedeza phewa monga tinaphunzirira. "Amayi, mukundimva?"

"Ndikukumva, mwanawe."

"Agogo, mwakomoka," ndinanong'ona.

"Nanga ukufunsiranji?"

"Wodwala wanuyo ali bwino kuposa ine," anatero asisita. Kalasi inafa ndi phwete.

Nditayamba kuwatembenuza, agogo anakakamira mphasa. "Ndilozetse alendo mbuyo? Sindinaleredwe choncho ine."

"Kwatsala mphindi ziwiri," anatero asisita, uku akulemba kena kake papepala.

Ndinayang'ana cholemberacho chikuyenda. Kenaka panatuluka mawu amene ineyo sindinkawadziwa.

"Agogo, gonani! Tsekani maso, tsekani pakamwa. Mudzuka ndikanena ine."

Galu wa kunyumba yaikulu anauwa. Agogo anangoti lefu. Ndinawerenga mokweza mpaka katatu, uku ndikulamula ngati ndili ndi anzanga ondithandiza, ndi kuwatembenuza. Pilo pansi pa chifuwa, mutu kumbali, chingwe cha tchaja chimene chinkaimira paipi ya mpweya chili pamalo pake. Duku silinasunthe n'komwe.

Asisita anasiya kulemba. "Mawu amenewo mubwere nawo Lolemba," anatero.

Ndinatseka laputopu. Ndinali ndisanawakalipirepo agogo chibadwire, ndipo manyazi anandigwira. Ndinagwada pambali pawo.

"Agogo, zatha. Ndakhoza."

Sanasunthe. Ndinawagwira pamkono kuti ndimve mtima. Unkagunda bwinobwino. Pamenepo anatsekula diso limodzi.

"Unati ndidzuka ukanena iwe."

"Dzukani, agogo," ndinatero motsitsa, ngati masiku onse.

Anatsekanso disolo. "Sindikumva. Ndakomoka."