Phulusa Losagonera Mvula

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma za phulusa la malasha ndikanaphunzitsa ngakhale a madigiri. M'zaka za m'ma 1990 ndinkapikula phulusali pa fakitale ina ku Kanengo, lole yathunthu, n'kumagulitsa kwa omanga nyumba ku Mgona ndi ku Area 25. Ena ankathira pansi asanazire simenti, ena ankaumbira mabuloko. Ndinkayenda wotuwa mbuu, agalu osandizindikira.

Lamulo la ntchitoyi linali limodzi: phulusa longochoka kumene m'ng'anjo salimangira. Uliunjike panja, mvula ilimenye dzinja lonse, ukali wake uthe. Ukalifulumirira, limakafufuma lili kale m'khoma.

Ndiye kunabwera alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, munthu wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, wovala taye ngakhale Loweruka. Anali atapeza puloti ku Area 25, ndipo anabwera ndi achemwaliwo kudzagula phulusa lomangira nyumba. Ndinawatengera pa mulu wanga wakale, umene unali utamera bonongwe, mbuzi zitausandutsa pogona.

"Alamu, golide wanu ndi uyu," ndinatero.

Anatseka mphuno ndi kansalu. "Mukufuna mlongo wanu azigona m'dzala? Ndipatseni ilo looneka bwinolo, lafika dzuloli."

"Ilo likadapsa mtima, alamu, ngati kondakitala wa minibasi."

"Zikhulupiriro za osaphunzira zimenezo. Phulusa ndi phulusa."

Ndinayang'ana achemwali, amene anandilera amayi atamwalira. Iwo anati, "Iwe, apatse zimene akufuna. Usandichititse manyazi."

Ndinawapatsa. Ndikanatha kukana, koma ndinkafuna kuti taye uja aphunzireko kanthu, ndipo pokweza lole ndinkaseka chamumtima. Zoti m'nyumbamo mudzagonanso achemwali sizinandifike m'mutu. Mulu wakale uja ndinawaponyera ulere kuti amangire chimbudzi.

Nyumba inatha, abusa anaipempherera, tinadya mpunga. Mvula yachiwiri, pulasitala anayamba kutuluka matuza n'kumayoyoka. Kenaka ming'alu, yoti uli pabalaza unkatha kupereka moni kwa wodutsa mumsewu. Khoma la kuchipinda linagwa Lamulungu lina, mwamwayi onse ali kutchalitchi.

Nkhani inawanda mpingo wonse: mlamu wosapemphera uja wagulitsa zinyalala kwa mlongo wake weniweni. Omanga anayamba kundilambalala, koma zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Ndinapita ku Kawale, kumene achemwali ankachita lendi tsopano. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Achemwali, inu munalipo. Munandimva ndikuwaletsa alamu."

Sanadzutse mutu. "Unkadziwa, koma unakweza lole. Ndinakuona ukumwetulira."

Ine, wa pakamwa ngati wailesi, ndinangonyamuka kuti ndizipita. Ndinatsazika, sanandiperekeze. Kuyambira pamenepo sanandiitanenso pakhomo pawo. Anamwalira patapita zaka zinayi. Uthenga ndinaumvera kwa anthu mumsika, ndipo pamaliro ndinakhala kumbuyo, pamodzi ndi ongobwerera chakudya.

Alamu anagulitsa puloti ija n'kubwerera kwawo ndi taye wawo. Wogulayo anagumula nyumba yonse, anamanga ina ya njerwa zootcha, koma chimbudzi chija anachisiya. Chilipo mpaka lero, chopanda mng'alu ngakhale umodzi. Ndikamadutsa ndimachivulira chipewa, ana a m'deralo n'kumati madala apenga. Asiyeni aseke. Pamlandu uja mboni yanga ndi chimbudzi chimenecho basi, ndipo amene ndinkafuna kuti achione anagona kale.