Nsomba Ziwiri za pa Bedi Lathu

Amuna anga sanandifunsire ndi mawu okoma, poti pakamwa pawo mpolemera ngati nyundo. Anandifunsira ndi bedi. Iwo ndi owotcherera zitsulo pa boma pano pa Feira, ndipo tisanakwatirane anandipangira bedi lachitsulo, kumutu kwake atapindako nsomba ziwiri zoyang'anizana. Kunena zoona nsombazo zinkaoneka ngati mbatata, koma ndinazikonda, ndipo ana athu onse anayamwira pamenepo.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti msonkho wa zitsulo zochokera kunja wakwezedwa, kuti mafakitale a m'dziko muno apeze mpata. Bambowo anavina, magalasi awo akuda ali kumaso.

"Mwamva, amai? Chitsulo chathu chawina! Zakunja zibwerere kwawo."

Ine ndinali kupala nsomba. Ndinangoti, "Walira mvula walira matope, atate."

Matope sanachedwe. Zakunja zitadula, za konkuno nazo zinadula ngati zapangana, osanena za thiraki yozibweretsa kuchokera ku Lusaka. Anthu anayamba kugula mafelemu a zitseko ndi mawindo opangiratu kutsidya ku Zumbo, n'kuwawolotsa pa bwato. Pashopu pathu panangoti zii, mbuzi zokha n'zimene zinkabwera kudzagona pamthunzi.

Munthu wozolowera phokoso akakhala chete amachititsa mantha. Amuna anga anayamba kukamba zogulitsa makina awo owotcherera, akawotche makala ku Mburuma. Ndinaopa kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti makinawo akachoka, munthu wanga watha.

Kenaka kunabwera mayi wina wogulitsa nsomba wa ku Kavalamanja, yemwe anali atangomanga nyumba ya njerwa. Ankafuna zitsulo zotchingira mbava pawindo, koma zopangidwa ndi manja omwe anapanga geti la tchalitchi chawo. Amuna anga anamuuza kuti abwerenso, chonsecho analibe chitsulo ngakhale chopangira mbedza.

M'mawa mwake ndinagwetsera matilesi pansi, n'kukokera bedi pabwalo.

"Imwe, mwafunta?" anatero amuna anga. "Ilo ndi lanu!"

"Ndiye chake. Dulani. Ine ndinakwatiwa ndi inu, osati bedi."

Anazungulirazungulira bedilo ngati mbuzi yoti aiphe koma akuimvera chisoni, kenaka anatenga sowo. Phokoso litayambiranso ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira, osadziwa ngati ndikulirira bedi kapena ndikukondwera. Atamaliza anakulunga ntchito yawo m'masaka, n'kuikweza okha pa thiraki osandionetsa.

Mayi uja anauza anzake, ndipo anthu anayamba kubwera ndi zitsulo zawozawo: njinga zakufa, makasu otha, mawilibala obowoka. Makina sanagulitsidwe. Bedi latsopano anandilonjeza kuti lidzapangidwa mitengo ikadzatsika. Mpaka lero tikugona pansi, ndipo maondo anga amawakumbutsa m'mawa uliwonse.

Chaka chatha ndinapita kumaliro ku Kavalamanja, ndipo njira inandidutsitsa panyumba ya mayi uja. Pakati pa zitsulo zowongoka za pawindo panali mbatata zanga ziwiri, zikuyang'anizanabe. Ndinaima pamenepo mpaka anzanga anandikoka chitenje.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa amuna anga chifukwa chake nsombazo sanazidule.

"Sowo inakana," anayankha, maso ali pa ntchito.

Sowo imeneyo ndimaidziwa bwino. Imadula ndi chitsulo cha ngolo chomwe.