Thabwa Limene Linatsukidwa

Linali Loweruka, tsiku losesa, nthawi ili 9 koloko m'mawa. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wotchi ya amuna anga inali m'manja mwanga. Chiwaikire m'manda dzulo lake sindinaitule pansi. Ndinakhala pamphasa pakhonde, mwana ali pabere, pamene ndinamva wina akukhuthula madzi kuseri kwa nyumba. Madziwo anayenderera m'kangalande kodutsa pafupi ndi mapazi anga. Oyamba anali akuda, otsatira anali oyera ngati mkaka. Nditangowaona ndinadziwa chimene chachitika.

Kuti zimveke, ndiyambe ndanena za ntchito ya amuna anga.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Mzuzu m'zaka zija za Chitaganya kudzalera ana a achimwene anga, amene boma linawatumiza kuno ngati kalaliki. Mzuzu anali asanakule. Kunali minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung, maofesi ochepa, masitolo, matope ndi nkhungu. Tsiku lina kunyumba kunabwera bambo wamtali wa ku Nkhata Bay, atamangirira kabokosi panjinga. Achimwene anamuitana kuti awajambule. Ine ndinkaganiza kuti m'bokosimo muli kamera, koma anatulutsamo thabwa lakuda bii ndi kamtengo kokhala ndi singano kumapeto. Ndinaseka mpaka ndinathawira kukhitchini. Chichewa chawonso chinkandiseketsa, chinkatuluka mokhotakhota ngati cha mwana wophunzira kulankhula. Chaka chisanathe tinakwatirana, n'kupeza kanyumba kaudzu cha ku Chibavi.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Ankapala thabwa mpaka lisalale, n'kulipaka dothi loyera losakaniza ndi guluu. Likauma ankalikwecha ndi nsalu, kenaka n'kulidetsa lonse. Akatero ankatenga singano yakutha ya galamafoni, imodzi mwa zimene ankapempha kwa ophika a azungu, n'kuyamba kukala. Paliponse pamene singano yadutsa pankatuluka kamzere koyera. Timizereto tikachuluka umangoona chipumi chatuluka, kenaka tsaya, kenaka munthu wathunthu akukuyang'ana. Ankakonda kunena kuti munthuyo amakhala alimo kale m'thabwamo, iwo amangomuchotsera mdima. Maso ankawasiya kuti akhale omaliza, ati munthu akayamba kukuyang'ana dzanja limachita manyazi. Akamaliza ankapaka vanishi kuti chithunzi chisaope madzi.

Matabwa a makasitomala ankadetsa ndi inki ya m'botolo yogula kusitolo. A pakhomo, ophunzirirapo ndi oyeserapo, ankadetsa ndi mwaye. Imeneyo inali ntchito yanga. Ndinkavundikira chitini pamwamba pa koloboyi, mwaye ukadzaza ndinkaupala ndi nthenga, n'kuusungunula ndi utomoni wa mtengo. Dothi loyeranso ndinkakumba ndine kudambo, kusinja ndi kusefa. Sukulu ndinalekera m'kalasi yachiwiri, koma kusefa dothi ndinkakudziwa, ndipo iwo ankakhudza ndi chala n'kunena kuti ufa wa dona sungafike pamenepo.

Anthu ankabwera. Akalaliki a boma ankafuna kujambulidwa atavala tayi kuti atumize kwawo. Aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo. Ena ankabweretsa kachithunzi kakang'ono kofufuma ka mayi awo amene anamwalira, kuti akakulitse. Azungu sankafuna nkhope kwenikweni, ankafuna mitengo, mbalame ndi agalu awo. Za mitengozo amuna anga ankazisema pathabwa lina, n'kumazidinda pansalu yolimba ija ya matenti, zambirimbiri zofanana. Ankazikulunga ngati mphasa n'kupita nazo panjinga.

Koma iwo eni analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Paukwati wathu panalibe wojambula. Wa kamera akabwera m'tauni ankakana kupitako, ati amenewo ndi olanda anzawo nsima pakamwa. Mwana wathu wamkazi atabadwa ndinayamba kuwavutitsa.

"Mwajambula Mzuzu yense, ndi galu wa mzungu yemwe. Inuyo mudzajambulidwa liti?"

"Amayi, nkhope iyi mumadzuka nayo tsiku lililonse. Simunatope nayo?"

Ndinawauza kuti si ya ine, ndi ya mwana. Anati mwanayo adzaiona yeniyeni, yamakwinya ndi imvi zomwe, ndipo adzachita kuithawa. Tinaseka. Koma patapita masiku ndinawapeza kukhitchini atatsamiritsa kalilole wanga pamtondo, thabwa lili pamiyendo. Anandiuza kuti ndisauze munthu, chifukwa mwamuna wodziyang'ana pakalilole ngati namwali akhoza kusekedwa mpaka kutchalitchi. Thabwalo linali la mwaye. Anati za pakhomo sitionongera inki.

Ankaligwira mwa apo ndi apo, ntchito za anthu zikachepa. Chinatuluka chipumi chawo chachikulu chija, ndi chipsera cha pamwamba pa diso lamanzere chimene anatemedwa ndi nkhafi ali mwana. Linatuluka tsaya limodzi, khutu, ndi theka la pakamwa, pokhotera m'mwamba monga ankachitira akafuna kunena zoseketsa. Kwina konse kunali kukadali kwakuda. Maso anali asanayambe, vanishi anali asanapake. Akamaliza kugwira ankaliika pathandala kukhitchini, litayang'ana kukhoma, pamodzi ndi matabwa ena amwaye osajambulapo. Amene analiwona kupatula ine anali mayi woyandikana nafe, Mtumbuka wa konkuno, amene analowa tsiku lina kudzapala moto. Anagwira pakamwa, amuna anga n'kumulumbiritsa moseka kuti asaulule.

M'nyengo yozizira anapita kukapereka chithunzi kwa mphunzitsi wina kutali ndithu, mvula yowaza ija ya kuno ikugwa. Jekete lawo anakulungira chithunzicho. Anabwera akunjenjemera. Tinayesa chimfine, koma chinali chibayo. Kuchipatala anayesetsa. Sabata isanathe anatisiya, mwana asanayambe n'kukwawa komwe.

Alongo awo aakulu anabwera palole kuchokera kunyanja. Ndiwo anawalera mayi awo atamwalira, ndipo ankawatchabe mwana. Anali mayi wolimba, wosakhala pansi. Ku Mzuzu anali asanafikeko, ndipo ntchito ya mlongo wawo ankangoimva, anali asanaione ndi maso.

Tsiku losesa wamasiye sagwira kanthu. Amakhala pamphasa, anzake ndiwo amasesa, kuchotsa phulusa la pamaliro, kuchapa, kuzira nyumba ndi kutsuka ziwiya zonse. Amayi a kutchalitchi anagawana zipinda. Alamu angawo anatenga khitchini. M'mutu mwanga munalibe za matabwa. Munali nkhope ya amuna anga monga ndinaionera komaliza, yotsinzina, yosakhala yawo.

Ndiye madzi aja anadutsa pamapazi anga.

Ndinadzuka, amayi ena akundigwira nsalu kuti ndikhale pansi. Kuseri ndinapeza alamu atawerama pabeseni, manja akuda mpaka m'zigongono. Matabwa anawayala pathandala la mbale kuti aume. Onse anali mbee, dothi loyera litasungunuka, mtengo ukuonekera. Anawatsuka ndi mchenga ndi chinkhupule, monga timatsukira mapoto. Ndinalizindikira lija chifukwa linali lobenthuka pangodya. Panalibe kamzere ngakhale kamodzi.

Anandiona, n'kumwetulira koyamba chifikire.

"Mlamu, utsi unadetsa matabwa a mwanayu. Ndawayeretsa onse. Mukhoza kumaikapo mbale."

Ndinati yewo, kuwathokoza m'chilankhulo chawo. Ndinabwerera pamphasa, n'kumuika mwana kubere. Pamaliro ndinalira monga amalirira aliyense, koma apa misozi sinatuluke. Ndinangomva kuzizira, ngati andichotsera chofunda.

Sindinafune kuti adziwe. M'khitchini mwathu munali mdima, iwo maso anali atatupa ndi kulira, ndipo thabwa lakuda lili ndi timizere ndani akanaliyesa munthu? Koma mayi woyandikana nafe uja anapita kuseri kukataya zinyalala, n'kuona thabwa lobenthuka. Anafuula m'Chitumbuka, mawu ake sindinawagwire onse, koma alamu anamva. Ndinamva beseni likugwa.

Anabwera pakhonde pang'onopang'ono. Sanakhale pamphasa, anakhala padothi, miyendo atatambasula, manja akudawo ali pamiyendo. Anafunsa ngati kuli chithunzi china cha mlongo wawoyo, kaya kwa azungu, kaya kutchalitchi. Ndinati kulibe. Anafunsa ngati chinkafanana naye. Ndinati chinkafanana, ndi chipsera chomwe. Atamva za chipsera analira mokweza, chifukwa tsiku limene anatemedwa ndi iwo amene anamubereka kumsana kupita naye kukatsukidwa bala. Anati amuika kawiri mwana wawo, kachiwiriko ndi manja awo. Ndinawauza kuti sanadziwe. Anati kusadziwako sikubweza kanthu.

Abale ena anabwerera kwawo, koma iwo anatsala. Masiku oyamba sitinkalankhulana zambiri. Ankaphika, ine n'kudya pang'ono. Tsiku lina masana anatsitsa thabwa lija, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kulikonza. Ndinati kupaka dothi ndi mwaye ndimadziwa, koma singano sindinaigwirepo. Anachotsa duku kumutu, n'kukhala pampando pamene ankakhala makasitomala, n'kutembenukira kuzenera.

"Ndiyang'aneni ine. Chipumichi ndi chimodzi, tinatengera bambo athu. Makutu omwewa. Pakamwa pokha ndi pake, pamenepo mukumbukire nokha."

Ndinawayang'anitsitsa, ndipo zinali zoona. Zinandiwawa kuposa tsiku losesa, kuona chipumi cha amuna anga pamutu pa munthu wina wamoyo.

Ndinakonza thabwalo. Litauma ndinagwira kamtengo kawo, kosalala ndi thukuta la zala zawo. Singano inkalowa kwambiri mpaka kugumula dothi. Chimene chinatuluka sichinali munthu. Chinali ngati dzungu lokhala ndi khutu. Alamu anachiyang'ana kwa nthawi, kenaka anati akanakhala kuti mwana wawo ankaoneka chonchi sakanavutika kumulera. Tinaseka tonse mpaka kusekako kunasanduka kulira. M'mawa mwake ndinalidetsanso. Ubwino wa mwaye ndi womwewo umene unatipweteka: suchedwa kuchoka, suchedwanso kubwerera.

Anakhala nane mpaka mvula yoyamba, akukhala pampando uja tsiku lililonse ntchito ikatha. Khosi likawawa ankadandaula kuti azungu amalipira anthu pantchito yongokhala chonchi. Atabwerera kunyanja ankabwera chaka ndi chaka ndi nsomba zouma, ndipo asanamwe n'madzi omwe ankafunsa kuti thabwa lafika pati. Alamuwo anamwalira pamene mwana wanga anali kusukulu. Kumaliro kwawo ndinapempha kuti ndione nkhope, ndipo ndinayang'ana chipumicho nthawi yaitali mpaka anandichotsapo.

Achimwene anga atasamutsidwa anandiuza kuti tibwerere kwathu. Ndinakana. Kuno m'nyumba za anthu munali ntchito ya manja a amuna anga. Ndinkadziwa nyumba iliyonse, ndipo nthawi zina ndinkapita ndi mwana ngati tikukacheza, kuti aone pakhoma. Ndinkamuuza kuti ajambula ndi bambo ako. Iye ankayang'ana kalaliki wovala tayi n'kufunsa ngati amenewo ndiwo bambo akewo. Ndinkati ayi. Ankafunsa za mphunzitsi, ndinkati ayi. Tsiku lina tikubwerera anati, nanga bambo anga ali pakhoma la ndani? Ndinamubereka kumsana ngakhale anali wamkulu, kuti asaone nkhope yanga.

Nsalu zodinda mitengo zinatsala zochepa. Imodzi ili pabalaza panga. Anthu ojambulidwa aja ambiri anasamuka ndi zithunzi zawo, ndipo nyumba zimene ndinkapitako zinagwetsedwa, pakumangidwa zina. Chibavi wa lero amuna anga akhoza kusochera.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti nkhope imatha ndi m'mutu momwe. Mawu awo ndimawamvabe, ndi Chichewa chokhota chija. Manja awo ndimawaona bwinobwino, zikhadabo zakuda. Koma ndikafuna nkhope, imabwera ya alamu. Chipumi ndinachidziwa tsopano, chipsera ndimachiika pamalo pake, khutu silindivuta. Pakamwa pamatuluka masiku ena. Mwana wanga, amene tsopano ali ndi ana ake, anaona thabwalo ulendo wina n'kufunsa ngati bambo ake ankaoneka choncho. Ndinamuuza kuti chipumi ndi chomwecho, kwinako sindikudziwa. Anati ndilipake vanishi momwemo, likhale. Ndinalephera kuvomera. Vanishi amapaka chomalizidwa, ndipo maso sindinawayambepo. Ndikafika pamenepo sindipeza choti ndione.

Thabwalo ndi lomwe lija lobenthuka pangodya, ndipo lapepuka ndi kupalapala. Singano za galamafoni zinatha kalekale, ndimagwiritsa ntchito ya makina osokera. Limakhala kuchipinda kwanga, osati kukhitchini, ndipo aliyense pakhomo pano amadziwa kuti silitsukidwa.

Nyengo yozizira ikafika ndimayatsa koloboyi masana, n'kuvundikira chitini. Ndimadetsa thabwalo, n'kukhala pazenera, n'kuyambira pachipumi.